Mmene Tingadziphunzitsire Kuyamika Mulungu Kuno ku Johannesburg

Pakati pa ife Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg, munthu wokhwima mu uzimu timakonda kumuzindikira ndi zinthu zooneka ndi maso, monga kutalika kwa pemphero lake, kuchuluka kwa mavesi amene analoweza, masiku amene amasala kudya, kapena udindo umene ali nawo mu mpingo. Zinthu zimenezi si zoipa, koma mtumwi Paulo, pofotokozera Akolose za munthu amene wazika mizu mwa Khristu nakhazikika m'chikhulupiriro, anatsiriza ndi chizindikiro chimene ife sitichiwerengera kawirikawiri, ndicho mtima wosefukira ndi chiyamiko (Akolose 2:6-7). M'kalata yake kwa Aroma, pofotokoza chiyambi cha kusokera kwa anthu, sakuyamba ndi kuba kapena dama ayi. Akuti anthu anamudziwa Mulungu koma sanamulemekeze monga Mulungu, ndiponso sanamuthokoze (Aroma 1:21). Ngati kusathokoza kuli pafupi chotere ndi muzu wa uchimo, n'zosadabwitsa kuti munthu akamakula mwa Ambuye kuyamika kwake kumakulanso.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti khalidweli limaphunziridwa. Paulo ali m'ndende analembera Afilipi kuti anachita kuphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, pokhuta ndi pomva njala, pokhala ndi zochuluka ndi posowa (Afilipi 4:11-12). Ife amene tikulimbana ndi lendi ya mwezi ndi mwezi, nkhawa ya mapepala otilola kukhala m'dziko lino, chisanu cha Juni ndi Julayi chimene chimalowa mpaka m'mafupa, ndi mafoni ochokera kumudzi okumbutsa za feteleza ndi fizi ya ana, tikati tidikire kuti mtima uyambe wakondwa wokha kenako tithokoze, tidzadikira nthawi yaitali kwambiri. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuyamba lero lino, zinthu zili mmene zililimu.

Ikani nthawi yake, ndipo tchulani zinthu chimodzichimodzi

Danieli anali mlendo ku Babulo, wogwira ntchito pansi pa mafumu a dziko la eni ake, monganso ambirife. Pamene lamulo linasainidwa loletsa kupemphera kwa wina aliyense kupatula mfumu kwa masiku 30, iye analowa m'chipinda chake chapamwamba, nagwada katatu pa tsiku, napemphera ndi kuyamika Mulungu wake monga ankachitira kale (Danieli 6:10). Chimene chinamuchirikiza tsiku limenelo chinali chizolowezi chimene anachimanga vuto lisanafike. Choncho choyamba kuchita ndi kusankha nthawi, ndipo ndi bwino kuimangiriza ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse kuti isamaiwalike. Amene mumaima pa mzere wa matekisi ku Bree kapena ku Noord kunja kusanache, nthawi yodikirayo ndi yokwanira. Amene mumagona pa ntchito, tengani mphindi zochepa musanatuluke m'chipinda chanu kukalowa m'nyumba ya abwana. Alonda ndi onse ogwira ntchito usiku, thokozani pamene mukusiyira mnzanu ntchito m'mawa.

Nthawi ya madzulo ndiyo yofunika koposa. Ignatius wa ku Loyola, amene anamwalira mu 1556, anaphunzitsa njira yoyesera mtima pakutha pa tsiku imene Akatolika ambiri amaitsata mpaka lero, ndipo gawo lake loyamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha zabwino zimene munthu walandira, asanayambe kuwerenga machimo ake. Mkhristu wa mpingo uliwonse akhoza kupindula ndi dongosolo limeneli. Khalani pansi, zimitsani foni, ndipo yendaninso m'maganizo tsiku lonse kuyambira podzuka.

Apa pali msampha umene tiyenera kuupewa. Pemphero lakuti "Ambuye, tikuthokoza chifukwa cha zonse zimene mwatichitira" ndi loona, koma likhoza kutuluka pakamwa mtima usanakumbukire n'chimodzi chomwe. Yerekezani ndi pemphero la mayi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg nakhala ku Cosmo City, amene angagwade usiku n'kunena kuti: "Atate, ndikuthokozani chifukwa tekisi inadzaza msanga ndipo sindinachedwe ku ntchito, chifukwa malipiro alowa pa tsiku lake, chifukwa mayi anga ku Ntcheu adya lero ndipo mawu awo pa foni amamveka amphamvu, chifukwa mnzanga wa chipinda choyandikana nane anandiyanulira zovala mvula isanagwe." Pemphero loterolo limaphunzitsa maso kuona, ndipo munthu akalichita kwa milungu ingapo amayamba kuzindikira zabwinozo masana omwe, zikuchitika.

Pezaninso kakope kakang'ono kolembamo zinthu zitatu kapena zinayi usiku uliwonse, pamodzi ndi tsiku lake. Davide anauza moyo wake kuti usaiwale zokoma zonse za Yehova (Masalimo 103:2) chifukwa ankadziwa kuti mtima wa munthu umasunga chipongwe kwa zaka koma umataya chifundo mawa lake lomwe. Samueli anaimika mwala nautcha Ebenezeri pofuna kuti Aisraeli azikumbukira kuti kufikira pamenepo Yehova anawathandiza (1 Samueli 7:12). Kakope kanu kagwire ntchito yomweyo, ndipo mukawerenge makamaka kumapeto kwa mwezi, pamene eni nyumba akugogoda ndipo mtima ukukuuzani kuti Mulungu wakuiwalani.

Thokozani yankho lisanafike

Paulo akuti tidziwitse Mulungu zopempha zathu pamodzi ndi chiyamiko (Afilipi 4:6). Kutanthauza kuti kuthokoza sikudikira tsiku limene pempho lidzayankhidwe. Ambuye Yesu anayamika atanyamula mikate isanu ndi tinsomba tiwiri pamaso pa amuna pafupifupi 5,000, chakudyacho chikadali chosakwanira (Yohane 6:9-11). Paulo naye, ali mkaidi m'ngalawa imene inali ndi anthu 276, namondwe atawazunza masiku 14, anatenga mkate nayamika Mulungu pamaso pa onse, ndipo anthu aja analimba mtima nadya (Machitidwe 27:33-37). Ngalawayo inasweka ndithu, koma palibe amene anatayika.

Njira yosavuta yoyambira ndi kusintha dongosolo la pemphero lanu, kuti musatchule pempho lililonse musanatchule chinthu chimene mwalandira kale pa nkhani yomweyo. Mukamapempha ntchito, yambani ndi ganyu amene munapeza sabata yatha ndi manja amene akadali ndi mphamvu. Mukamapempherera mwana wovuta, yambani ndi kuthokoza kuti mwanayo ali moyo. Musachitenso manyazi kupemphera pa chakudya, ngakhale chikhale buledi ndi tiyi pakati pa anzanu a ku ntchito amene sapemphera. Koma ndichenjeze apa, chifukwa pali chiphunzitso chimene chafala chonena kuti kuthokoza ndi kiyi wotsegulira madalitso, kuti ukathokoza mokweza galimoto kapena mapepala zifika basi. Kumeneko si kuyamika, koma malonda, ndipo munthu wophunzitsidwa chotere amakwiyira Mulungu chinthucho chikachedwa.

Chokani pa mphatso, mufike kwa Mwini mphatso

Akhate khumi a pa Luka 17:11-19 onse anafuula kwa Yesu, onse anamvera ndi kunyamuka kukadzionetsa kwa ansembe, ndipo onse anachira ali m'njira. Sitinganene kuti asanu ndi anayi aja analibe chikhulupiriro konse. Koma mmodzi yekha ndiye anabwerera, nagwa chafufumimba pa mapazi a Yesu ndi kumuthokoza, ndipo ameneyo anali Msamariya, amene Yesu mwini anamutcha mlendo. Enawo anakhutira ndi khungu latsopano, pamene iyeyu anafuna Munthu amene anamuchiritsa. Ine ndikuona kuti kusiyana kwa khanda mu uzimu ndi munthu wokhwima kwagona pamenepa, ndipo nkhaniyi iyenera kutikhudza kwambiri ife amene tinapemphera ndi misozi pa chipata cha Beitbridge cholowera ku South Africa kuti tiwoloke bwino, koma titapeza ntchito tinayamba kuona Lamulungu ngati tsiku lochapa ndi kugona.

Kuti muzolowere kubwerera, onjezani chiganizo chimodzi pa chinthu chilichonse chimene mwathokozera, chonena zimene chinthucho chikuonetsa za Mulungu. Mukathokoza chifukwa cha malipiro, nenaninso kuti Iye ndi Atate wodziwa zosowa za ana ake. Mukathokoza kuti mwakhululukidwa ndi mnzanu, kumbukirani mtanda. Katekisimu wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563 ndipo wodziwika bwino m'mipingo yochokera ku chiphunzitso cha Reformed monga Sinodi ya Nkhoma, amagawa chikhulupiriro chonse m'zigawo zitatu: kukula kwa uchimo ndi tsoka lathu, mmene tinapulumutsidwira, ndi mmene tingathokozere Mulungu chifukwa cha chipulumutsocho. Malamulo Khumi ndi Pemphero la Ambuye amaziika m'chigawo chachitatucho, kusonyeza kuti kumvera konse kwa Mkhristu ndi njira yonenera zikomo, osati malipiro ogulira chisomo. Munthu amene kuyamika kwake kwakhazikika pa chipulumutso akhoza kunena ngati Habakuku, kuti ngakhale mkuyu usaphuke, minda isabale ndipo m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Mulungu wa chipulumutso chake (Habakuku 3:17-18). N'chifukwa chake musamaphonye Mgonero wa Ambuye kapena Misa popanda chifukwa chenicheni, pakuti pa gome limenelo timakumbukira kuti Yesu anatenga mkate nayamika usiku womwewo umene anaperekedwa.

Chenjerani ndi kung'ung'udza ndi kudzitama

Aisraeli ali m'chipululu anakumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo a ku Igupto, naiwala njerwa ndi zikwapu za akapitawo, ndipo mana amene ankawagwera m'mawa uliwonse anayamba kuwanyansa (Numeri 11:4-6). Ifenso tikakhala pamodzi timakumbukira chambo, ufa woyera ndi mango a kwathu, zimene si kulakwa kuzikumbukira, koma nthawi zina kukumbukirako kumasanduka kunyoza chakudya chimene Mulungu watipatsa lero. Facebook ndi WhatsApp zawonjezera vutoli, chifukwa munthu amagona atakhuta, koma akaona chithunzi cha nyumba imene mnzake wamaliza kumanga ku Mangochi kapena ku Mzimba amadzuka akudziona ngati wotembereredwa. Yesani kwa sabata imodzi kumvetsera mawu anu omwe, ndipo dandaulo lililonse likatuluka mudzifunse ngati mwalipereka kwa Mulungu kapena kwa munthu amene angathandize, kapena mwangolimwaza kuti ena awawidwe nanu mtima.

Zinthu zikayamba kuyenda, ngozi imabwera ndi nkhope ina. Mose anachenjeza kuti munthu akadya nakhuta, namanga nyumba zokoma, asanene mumtima mwake kuti mphamvu ya dzanja lake ndiyo yamupezera chuma chimenechi (Deuteronomo 8:11-18). Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Palinso kuthokoza kwa Mfarisi wa pa Luka 18:11, amene anayamika Mulungu kuti sali ngati anthu ena. Pemphero lothokoza kuti simuli ngati m'bale wanu amene anatsala kumudzi, kapena ngati mnzanu amene anagwidwa n'kubwezedwa kwawo, lili ndi mawu a chiyamiko koma mkati mwake muli kunyada. Funso la Paulo kwa Akorinto, lakuti uli ndi chiyani chimene sunachite kulandira (1 Akorinto 4:7), ndi loyenera kulilemba pa tsamba loyamba la kakope kaja.

Pamene zinthu zaipa ndithu

Gawo ili ndilo lovuta, ndipo sindifuna kulipeputsa. Mzinda uno watipatsa chakudya, komanso watiliritsa. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa ndipo anthu 76 anamwalira, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Ambirife tasonkhapo ndalama zotumizira thupi la m'bale kumudzi, kapena tamva uthenga wa maliro a kholo pa foni popanda njira yokafikira pa manda. Kodi lamulo lakuti m'zonse tiyamike (1 Atesalonika 5:18) limagwira ntchito bwanji pa nthawi zoterezi?

Choyamba, kuyamika sikufuna kuti tiname. Mulungu satiuza kuti titche choipa chabwino, ndipo munthu amene amakakamiza mayi wofedwa kuti apukute misozi ndi kufuula aleluya sakumuthandiza kukhwima ayi, akungomuphunzitsa kubisa bala. Yesu analira pa manda a Lazaro, ndipo patangopita kanthawi kochepa anakweza maso nathokoza Atate kuti anamumva (Yohane 11:35, 41). Misozi ndi chiyamiko zinakhala pa malo amodzi. Salimo 13 likuyamba ndi kufunsa kuti Yehova adzamuiwala Davide kufikira liti, n'kutsiriza ndi kuimbira Yehova, ndipo Salimo 88 likutha mdima usanachoke konse, komabe lili m'Malembo. Choncho pa tsiku la tsoka yambani ndi kumuuza Mulungu zoona zake za ululu wanu, popanda kukometsera mawu. Kenako funani chinthu chimodzi chokha chimene tsokalo silinathe kuchotsa: zaka zimene munakhala ndi malemuyo, abale amene abwera kudzagona pa siwa, lonjezo la kuuka kwa akufa. Mukalephera kupeza mawu anuanu, werengani Salimo mokweza, kapena khalani pakati pa oimba nyimbo za pa maliro ndi kulola kuti chikhulupiriro cha mpingo chikunyamuleni kufikira mawu anu atabwerera.

Chachiwiri, kuyamika sikutanthauza kuvomereza kuponderezedwa. Pali mabwana amene amadula malipiro kapena kugwiritsa ntchito anthu popanda tsiku lopuma, n'kumawauza kuti azithokoza kuti ali pa ntchito. Yakobo akuti malipiro obisidwa mwachinyengo amafuula ndipo Ambuye amamva (Yakobo 5:4). Paulo ndi Sila anaimbira Mulungu nyimbo pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, mapazi awo ali m'matangadza, koma kutacha Paulo yemweyo anakana kutulutsidwa mobisa ndipo anaumirira kuti akuluakulu amene anawakwapula popanda mlandu abwere okha (Machitidwe 16:25, 37). Mkhristu akhoza kuthokoza Mulungu m'mawa chifukwa cha ntchito, masana n'kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito m'dziko lino, ndipo palibe kutsutsana pa ziwirizi. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu woyamika amafuna chilungamo popanda kulola kuti chidani chimudye mkati.

Thokozaninso anthu, ndi pakamwa komanso ndi manja

Munthu amene amathokoza Mulungu amene samuona koma osathokoza mkazi wake amene wamuphikira ali ndi kanthu kena kosowa. Chaputala 16 cha Aroma ndi mndandanda wa mayina a anthu amene Paulo ankawakumbukira, monga Febe amene anathandiza ambiri, ndi Priskila ndi Akula amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye. Lembani mndandanda wanu. Alipo amene anakuchingamirani pa Park Station muli ndi kachikwama kamodzi, amene anakupatsani pogona m'kachipinda kopanikiza ku Mayfair, ku Yeoville kapena ku Diepsloot, amene anakulankhulirani kwa abwana, ndi amene anakuphunzitsani kuloza ndi chala kuti tekisi yoyenera iime. Alipo agogo kapena achemwali amene akulera ana anu kumudzi, amene ambirife timawaimbira foni pokhapokha tikafuna kudziwa mmene ndalama zayendera. Sabata iliyonse sankhani munthu mmodzi, muimbireni kapena mupiteko, ndipo mutchule chenicheni chimene anakuchitirani. Musaiwale eni dziko amene anakuchitirani chifundo, pakuti alipo ambiri, ndipo kuwathokoza m'chinenero chawo kumafewetsa mitima mbali zonse ziwiri. Yeremiya anauza akapolo a ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera (Yeremiya 29:7).

Kalata ya Ahebri ikatchula nsembe ya chiyamiko, imene ndi chipatso cha milomo, imapitiriza pomwepo kunena kuti tisaiwale kuchita zokoma ndi kugawana ndi ena (Ahebri 13:15-16). Kwathu pa nthawi ya masika tinkaona anthu akulowa m'tchalitchi atasenza chimanga, mtedza, maungu ndi nkhuku. Kuno minda tilibe, koma zokolola zathu zimafika kumapeto kwa mwezi, ndipo ndi bwino kupatula gawo la Mulungu ndi la osowa tsiku lomwe malipiro alowa, ndalama zisanabalalike. Kuchuluka kwake kukhale monga munthu watsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa (2 Akorinto 9:7). Amene alibe ndalama akhoza kupereka bulangete kwa mlendo wofika m'nyengo ya chisanu, kapena kuperekeza wodwala ku chipatala amene sadziwa chinenero cha kuno. Mukapatsidwa mpata wopereka umboni mu mpingo, mu mlaga kapena mu mphakati, fupikitsani mbiri ya adani anu ndi mtengo wa zimene mwagula, ndipo mutalikitse zimene Mulungu wachita, pokumbukira kuti pa benchi lomwelo pakhala munthu amene pemphero lake silinayankhidwe.

Pofuna kudziwa ngati mukukula pa zimenezi, musadalire mmene mumamvera pa nthawi ya nyimbo za chitamando, chifukwa pamenepo aliyense amatenthedwa mtima. Pakatha miyezi itatu, funsani munthu amene mumakhala naye nyumba imodzi, kaya ndi amuna anu, akazi anu, mwana wanu kapena mnzanu wogawana naye lendi, kuti akuuzeni mosabisa mawu amene amamva kawirikawiri kuchokera pakamwa panu mukangofika kuchokera ku ntchito. Mverani yankho lake mpaka amalize popanda kudziteteza, mumuthokoze chifukwa chonena zoona, ndipo chimene watchulacho chikhale choyamba kuchipereka kwa Mulungu m'pemphero lanu la madzulo amenewo.